KUZINDIKIRA MATENDA NDI TIZIROMBO TA MAPAPAYA A PAKHOMO

Pa makomo ambiri a ku Makwasa, kuyambira m'midzi yozungulira mishoni ya Malamulo mpaka m'makomboni a m'minda ya tiyi, sipalephera kupezeka mtengo wa papaya. Kawirikawiri mtengowo sunabzalidwe ndi munthu, koma unangomera wokha padzala kapena kuseri kwa bafa, pamene panatayidwa njere. Chifukwa chakuti umamera mosavuta, anthu ambiri sausamala, ndipo ukayamba kudwala amangoti wakalamba.

M'boma la Thyolo malo olima ndi ochepa, popeza anthu ndi ambiri ndipo gawo lalikulu la nthaka liri ndi tiyi. Kale mabanja a kuno ankadalira kwambiri nthochi pa chakudya ndi pa ndalama. Koma matenda a chisaka, amene anaoneka koyamba m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 m'madera a m'mbali mwa nyanja, atafika ku Thyolo anapululutsa minda yambiri ya nthochi. Matendawa anafala msanga chifukwa chakuti ambiri sanazindikire zizindikiro zake poyamba, ndipo anapitiriza kugawana mphukira zodwala. Nkhani imeneyi ikuphunzitsa kuti mbeu ya pakhomo imene yadwala iyenera kuyezedwa msanga monga momwe amayezera munthu.

Phunziro lino likufotokoza njira imene mwini mtengo, mlangizi wa zaumoyo kapena mphunzitsi angatsate kuti adziwe chimene chikuvuta papaya, zimene angachite yekha, ndi nthawi imene ayenera kufunsa mlangizi wa zaulimi.

PAPAYA NDI THANZI LA BANJA

Kwawo kwenikweni kwa papaya ndi kumwera kwa Mexico ndi maiko oyandikana nawo a pakati pa America. Amalinyero a ku Spain ndi ku Portugal ndiwo anafalitsa mbeuyi ku Asia ndi ku Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Ubwino wake ndi wakuti imabereka msanga, pakangotha chaka chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono m'malo ozizira, ndipo zipatso zake sizipsa nthawi imodzi monga mango, koma pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri.

Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Gulu la zipatso limasowa kawirikawiri m'mbale ya mwana nyengo ya mango ikapita. Papaya lakupsa liri ndi vitamini C wochuluka, pafupifupi mamiligalamu 60 m'magalamu 100 a chipatso, ndiponso liri ndi mbali ina yofiira imene thupi limaisandutsa vitamini A. Vitamini A amateteza maso, ndipo amathandiza mwana kulimbana ndi chikuku ndi kutsekula m'mimba. Mwana wosowa vitamini ameneyu amayamba kusaona bwino kukamada, ndipo vutoli likakula akhoza kuchita khungu.

Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2001 anapeza kuti ana 59 mwa ana 100 osafika zaka zisanu anali operewera vitamini A. Mu 2009 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 22, ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza ana osakwana 4 mwa 100. Kutsika kumeneku kunadza kaamba ka timadontho ta vitamini A timene ana amalandira kusikelo miyezi isanu ndi umodzi iri yonse, ndiponso kaamba ka kuthira vitaminiyu mu shuga, kumene kunayamba mu 2012, ndi m'mafuta ophikira. Koma banja limene siligula shuga ndi mafuta masiku onse limadalirabe zimene ziri pakhomo. Mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi akhoza kupatsidwa papaya lopotedwa pambuyo pa phala lotendera, chifukwa mafuta a m'nsinjiro amathandiza thupi kulandira vitamini A. Motero mtengo wa papaya ukafa, amene amataya kwambiri ndi mwana.

KAYEZEDWE KA MTENGO WODWALA

Kuchipatala, dokotala sapereka mankhwala asanafunse ndi kuyeza wodwala. Chimodzimodzi ndi mtengo. Masamba achikasu okha sanena matenda, monga momwe kutentha thupi kokha sikunena kuti munthu ali ndi malungo. Masamba angachite chikasu chifukwa cha njala, madzi ochuluka, tinyongolotsi ta m'mizu, akangaude kapena vairasi, ndipo chiri chonse mwa izi chiri ndi chithandizo chakechake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyeza mtengo adzifunse mafunso asanu awa:

1. Kodi vutoli linayamba liti, ndipo nyengo inali yotani? Vuto loyamba pakati pa dzinja, nthaka iri chinyontho, limasiyana ndi loyamba m'nyengo ya chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kapena loyamba m'chirimwe chotentha cha Seputembala mpaka Novembala.

2. Kodi linayambira pa masamba ati? Masamba akale a m'munsi akayamba ndiwo kusintha, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala njala, mizu kapena nkhungu. Masamba anthete a kunsonga akayamba kupiringizika, aganizire vairasi, tizirombo toyamwa kapena mankhwala opha udzu.

3. Kodi kunsi kwa tsamba kuli chiyani? Adani ambiri a papaya amabisala kumeneko. Athyole tsamba limodzi m'mawa, alitembenuze, ndi kuliyang'anitsitsa poyera.

4. Kodi tsinde ndi mizu ziri bwanji? Asindikize chala patsinde pamene lakhudzana ndi dothi, ndipo afukule pang'ono mbali imodzi kuti aone mizu. Muzu wamoyo ndi woyera ndi wolimba.

5. Kodi mitengo ina ndi mbeu zina zapafupi ziri bwanji? Vuto logwira mbeu zamitundu yonse tsiku limodzi kawirikawiri limachokera ku nyengo kapena ku mankhwala. Vuto loyenda pang'onopang'ono kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina ndi matenda kapena tizirombo.

Poyeza, asamale ndi mkaka woyera wotuluka m'tsamba ndi m'chipatso chachiwisi, chifukwa umayabwa pakhungu ndipo umapweteka ukalowa m'maso. Ukagwera m'diso, alitsuke ndi madzi oyera ambiri.

MAVUTO AMENE SI MATENDA

Mtengo wosabereka. Mapapaya alipo aamuna, aakazi, ndi ena okhala ndi mbali zonse ziwiri m'duwa limodzi. Wamwamuna amatulutsa timaluwa tambirimbiri pa timapesi tatitali tolendewera. Wamkazi amatulutsa duwa lalikulu lokhala pafupi ndi tsinde. Mtengo wamwamuna sukudwala, ndipo kuukhomera msomali kapena kuubaya kuti ubereke kumangotsegulira khomo kuola. Ndi bwino kufesa mbande zitatu pa phando limodzi, ndipo zikachita maluwa kusiyapo imodzi yobereka. Mtengo umodzi wamwamuna umakwanira mitengo yaikazi khumi kapena kupitirira. Koma aamuna onse akadulidwa m'mudzi, maluwa a mitengo yaikazi amayoyoka kapena kubala tizipatso topanda njere.

Kuzizira. Papaya ndi mbeu ya kotentha. Kumtunda kwa Makwasa limakula pang'onopang'ono kusiyana ndi kunsi kwa phiri, cha ku Muona. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mtengo umaima kukula, zipatso zimachedwa kupsa ndipo sizitsekemera kwenikweni, ndipo zina zimabadwa zopindika, zokhala ndi mizere yakuya. Zimenezi zimatha kukayamba kufunda. Chithandizo chake ndi kubzala pamalo owomba dzuwa tsiku lonse ndi otetezeka ku mphepo.

Njala. Masamba a m'munsi akachita chikasu chofanana tsamba lonse, tsinde nkumaonda kunsonga ngati pensulo, mtengowo ukusowa chakudya. Nthaka imene tiyi amakonda ndi ya asidi wambiri, ndipo mvula yochuluka imatsuka chonde, pamene papaya limafuna nthaka ya asidi wochepa ndi manyowa ambiri. Ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa okupsa, zothiridwa mozungulira koma osakhudza tsinde, zimasintha mtengo m'masabata owerengeka.

Zipatso za mabampu. Chipatso chikakhala ndi zotupatupa, nkumadontha mkaka chokha popanda chochibaya, kawirikawiri nthaka ikusowa mchere wotchedwa boron. Mcherewu umafunika pang'ono zedi, ndipo ukachuluka umapha mtengo, choncho muyeso wake auchokere kwa mlangizi wa zaulimi.

Mankhwala opha udzu. Papaya silipirira mankhwala ameneŵa ngakhale pang'ono. Akathiridwa pafupi tsiku la mphepo, masamba anthete amatuluka opyapyala ndi opotoka. Chizindikiro chosiyanitsa ndi vairasi ndi chakuti udzu ndi mbeu zina za mbali yomweyo zimaonongeka nthawi imodzi, ndipo mtengo ukapulumuka masamba otsatira amatuluka abwino.

Ukalamba. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi mtengo umatalika, zipatso zimachepa ndipo matenda amaukonda. Banja lanzeru limabzala mbande zatsopano chaka chiri chonse kuti wakale asanadulidwe wina akhale atayamba kubereka.

MATENDA A MIZU NDI TSINDE

Kuola kwa mizu ndiko kumapha mapapaya ambiri m'madera a mvula yochuluka monga Thyolo. Mizu ya papaya ndi yofewa ndipo imafuna mpweya. Madzi akaima patsinde kwa tsiku limodzi kapena awiri okha, mizu imayamba kufa, ndipo tizirombo ta m'nthaka tofanana ndi nkhungu, timene akatswiri amatitcha Phytophthora ndi Pythium, timalowa. Masamba a m'munsi amafota ndi kulendewera ngakhale dothi liri lonyowa, kenaka amayoyoka, nkutsala kagulu kochepa kunsonga. Tsinde limafewa m'munsi, mizu imada ndi kununkha, ndipo mphepo yochepa imagwetsa mtengo wonse. Mvula yosalekeza ya masiku angapo, monga imene inadza ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, imakwanira kuyambitsa vutoli ngakhale pa mtengo umene unali wathanzi.

Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kuthirira mtengo wotere poganiza kuti wafota ndi ludzu. Mtengo wofota pa dothi lonyowa sufuna madzi. Ngati tsinde lafewa kale, palibe mankhwala; uzulidwe, ndipo pamalopo pasabzalidwenso papaya kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kupewa kwake ndi kubzala pa kachulu kapena pa mzere wokwera, kutalikitsa mitengo mamita awiri ndi theka kapena atatu, ndi kusaunjika dothi kapena zinyalala patsinde. Madzi a kubafa ndi a potsukira mbale alowe m'dzenje lodzaza miyala, ndipo papaya likhale chapatali ndi dzenjelo. Potero banja limapulumutsa mtengo, ndipo limachotsanso zithaphwi zimene udzudzu wa malungo umaswanamo.

Vuto lachiwiri ndi tinyongolotsi ta m'mizu, tosaoneka ndi maso. Mtengo umapinimbira, umafota masana nkutsitsimuka madzulo, ndipo manyowa saoneka kuuthandiza. Mizu ikafukulidwa imapezeka ndi timfundo totupa ngati mikanda. Timfundo ta pa mizu ya nyemba ndi mtedza ndi tabwino ndipo timathothoka tikakhudzidwa, koma papaya lathanzi liribe timfundo, ndipo ta tinyongolotsi ndi kutupa kwa muzu weniweniwo. Tinyongolotsiti timachuluka pamene palimidwa tomato, therere, mabiringanya kapena fodya zaka zotsatizana. Mbande za papaya zisafesedwe pa dothi lotere, ndipo pamalo ogwidwa padzalidwe chimanga kapena udzu kwa nyengo zingapo.

MATENDA A MASAMBA NDI ZIPATSO

Mawanga akuda. Awa ndi matenda a nkhungu amene amakonda malo okwera, ozizira ndi a chinyontho, choncho nyengo ya chiperoni imawayanja. Pamwamba pa tsamba lakale pamaoneka timawanga totuwa kapena tofiirira tozunguliridwa ndi chikasu, koma kunsi kwake kumakhala timadontho takuda tokhala ngati mwaye wouma. Masamba akagwidwa kwambiri amauma ndi kugwa, ndipo mtengo wopanda masamba okwanira umabala zipatso zosatsekemera. Pa chipatso timawangati timakhala pakhungu pokha. Chipatso chotere chikasendedwa chikhoza kudyedwa, ngakhale kuti pamsika sichigulidwa bwino. Masamba ogwidwa athyoledwe ndi kukwiriridwa, ndipo nthambi za mitengo ina zotchinga dzuwa ndi mphepo zisadzidwe.

Nkhungu yoyera. Kunsi kwa masamba, makamaka m'mbali mwa mitsempha, kumakhala ufa woyera wopyapyala, ndipo pamwamba pake pamaoneka zigamba zachikasu. Matendawa amakonda nyengo yozizira yopanda mvula yamphamvu, ndipo amapha mbande mosavuta. Mankhwala a salufa amathandiza, koma amatentha masamba akathiridwa dzuwa liri pamutu.

Kuola kwa zipatso zakupsa. Chipatso chimaoneka chabwino chiri chobiriwira, koma chikayamba kupsa pamatuluka mabala ozungulira, olowa m'kati ngati chasindikizidwa ndi chala, ndipo pakati pake pamadza ufa wofiirira. Nkhungu yake, imene imagwiranso mango ndi mapeyala, imalowa chipatso chikadali chaching'ono m'nyengo ya mvula ndi kudikira kuti chipse. Imakhala m'mapesi ouma a masamba olendewera patsinde, choncho mapesiwa azichotsedwa. Chipatso chithyoledwe pamene chayamba kuonetsa mizere yachikasu, chisagwetsedwe pansi ndi ndodo, ndipo chikapsere m'nyumba pamalo ouma. Bala likakhala laling'ono, lidulidwe mozama ndi kutayidwa. Koma chipatso chofewa mbali yaikulu kapena chonunkha chisapatsidwe kwa mwana.

Vairasi. Matenda oopsa kwambiri a papaya pa dziko lonse ndi a vairasi imene imalemba timikombero pa zipatso. Masamba a kunsonga amachita mawangamawanga obiriwira ndi achikasu, amatupa malo ena, ndipo ena amatuluka opyapyala ngati chingwe. Pa mapesi a masamba ndi kumtunda kwa tsinde pamaoneka mizere yobiriwira kwambiri, yonga ya mafuta, ndipo pa zipatso pamaoneka timikombero tonga mphete. Vairasi imeneyi imafalitsidwa ndi nsabwe za mbeu, zimene zimaitenga pa mtengo wodwala ndi kuipereka pa wina m'kanthawi kochepa, mwakuti kupopera mankhwala sikuiletsa. Imakhalanso m'maungu, m'nkhaka ndi m'mavwende. Ku Hawaii inalowa m'dera la Puna mu 1992, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi inatsitsa zokolola za mapapaya pafupifupi ndi theka, mpaka pamene mbeu yopirira yotchedwa Rainbow inaperekedwa kwa alimi mu 1998. Mtengo wogwidwa ndi vairasi suchira. Mwini wake aitane mlangizi kuti atsimikize, kenaka auzule, monga momwe amachitira ndi nthochi ya chisaka. Vairasi ya mbeu sigwira munthu.

TIZIROMBO

Kodikodi wa papaya. Achikulire akukumbukira kodikodi amene anaononga chinangwa ku Nkhata Bay ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja kuyambira cha mu 1985, ndipo anagonjetsedwa ndi timavu ting'onoting'ono tochokera ku South America, timene timaikira mazira m'thupi mwake. Papaya liri ndi kodikodi wakewake, wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Anafika ku Ghana cha mu 2010, ku Tanzania mu 2015 ndi ku Kenya mu 2016, ndipo ku Kenya anayamba kumasula timavu tomupha mu 2021. Kachiromboka kamaoneka ngati thonje loyera lomatirira kunsi kwa masamba, m'mitsempha ndi pakati pa zipatso. Kusiyana kwake ndi nkhungu yoyera ndi kwakuti thonjeli ndi lochindikala, ndipo likatikitidwa ndi chala pamatuluka madzi achikasu a kachirombo kophwanyika. Masamba anthete amakwinyika, nyerere zimakwera ndi kutsika patsinde, ndipo masamba a m'munsi amakutidwa ndi mwaye wakuda womera pa madzi otsekemera amene kachiromboka kamatulutsa. Kamagwiranso chinangwa, therere ndi magwafa, ndipo kamayenda ulendo wautali pa mbande ndi zipatso zonyamulidwa ndi anthu. Masamba ogwidwa kwambiri atenthedwe, otsala atsukidwe ndi madzi a sopo, ndipo mlangizi wa zaulimi adziwitsidwe.

Akangaude ofiira. Alimi a tomato amawadziwa bwino. Amachuluka m'chirimwe, kukatentha ndi kuuma. Tsamba limachita timadontho tachikasu tosawerengeka, kenaka limatuwa ndi kuuma. Woyeza agwedeze tsamba pamwamba pa pepala loyera: akaona timadontho tikuyenda, ndi iwowo. Kuthirira mtengo mokwanira, kuphimbira nthaka ndi udzu ndi kuwaza madzi kunsi kwa masamba kumawachepetsa.

Ntchentche za zipatso. Zimaboola chipatso chimene chayamba kupsa ndi kuikiramo mazira, ndipo m'kati mumapezeka mphutsi zoyera. Mtundu wina woononga kwambiri, wochokera ku Asia, unapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003, ndipo unafalikira maiko ambiri. Mphutsi zikakula zimatuluka ndi kulowa m'dothi, kumene zimasanduka ntchentche zatsopano. Choncho zipatso zakugwa, za papaya, mango ndi magwafa, zitoledwe masiku onse ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya theka la mita, kapena kumangidwa m'thumba la pulasitiki lakuda ndi kuikidwa padzuwa masiku angapo.

Anunkhadala, mbalame ndi mileme. Anunkhadala amadya masamba ndi khungu la mbande, ndipo amagwidwa mosavuta ndi manja m'mamawa asanachangamuke. Apumbwa ndi mileme amadya zipatso zopsera mumtengo. Kuthyola msanga kumathetsa vutoli. Chipatso cholumidwa ndi mleme kapena khoswe chisadyedwe.

ZA MANKHWALA

Pa mitengo iwiri kapena itatu ya pakhomo, mankhwala ogula kawirikawiri safunika. Madzi a sopo amakwanira pa kodikodi, nsabwe ndi akangaude: masupuni aang'ono awiri a sopo wa mtanda wopalapala, osungunulidwa m'lita imodzi ya madzi, nkuwaza kunsi kwa masamba madzulo, ndi kubwereza pakatha sabata. Sopo wa ufa wochapira zovala amatentha masamba. Ayambe wayesa pa tsamba limodzi ndi kudikira masiku awiri. Mankhwala amphamvu amapha pamodzi ndi tizirombo tothandiza timene timadya kodikodi ndi akangaude, ndipo pambuyo pake vuto limabwerera moposa kale.

Pali ngozi ina yaikulu. Mtengo wa papaya umakhala pabwalo pamene ana amasewera, ndipo zipatso zake zimapsa sabata iri yonse, mwakuti ndi kovuta kusunga masiku amene ayenera kupita pakati pa kupopera ndi kukolola. Choncho malamulo awa asungidwe:

1. Mankhwala agulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka, ali m'botolo lake lolembedwa. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo la m'chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene ofesi yake iri ku Bvumbwe, m'boma lomweli la Thyolo, ndipo ndilo limavomereza mankhwala ndi ogulitsa ake.

2. Mankhwala opangidwira tiyi, thonje kapena fodya asathiridwe pa zipatso. Opatsidwa ndi mnzake m'botolo la zakumwa, opanda dzina ndi muyeso, akanidwe.

3. Tameki, amene ena amagulitsa mobisa m'timapepala ngati mankhwala a makoswe, asaikidwe patsinde la mtengo wa zipatso. Ndi poizoni woopsa amene amakwera ndi mizu kulowa mumtengo.

4. Ana ndi amayi oyembekezera asapopere, ndipo botolo lotha lisasungiremo madzi, mchere kapena mafuta.

Munthu amene wamwa kapena kukhudza mankhwala nayamba kutuluka thukuta ndi malovu ambiri, kusanza, kupotokola m'mimba kapena kubanika, avulidwe zovala zonyowa, asambitsidwe ndi sopo, ndipo atengeredwe kuchipatala cha Malamulo kapena china chapafupi nthawi yomweyo, pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Asamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka.

UKHONDO PANSI PA MTENGO

Ukhondo umene umateteza mtengo ndi womwewo umene umateteza banja. Zipatso zoola zosiyidwa pabwalo zimaitana ntchentche ndi makoswe. Chitsa cha papaya chiri ndi mphako m'kati, ndipo chikasiyidwa chiri chiriri chimasunga madzi a mvula mmene mitundu ina ya udzudzu imaswana. Chizulidwe kapena ching'ambidwe. Papaya litsukidwe ndi madzi otetezedwa lisanadulidwe, ndipo wodulayo asambe m'manja ndi sopo, chifukwa mpeni umatenga litsiro la pakhungu kulowetsa m'kati. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi, unakumbutsa dziko kuopsa kwa zipatso zodulidwa kale zogulitsidwa poyera. Ndiponso mayi woyembekezera adye papaya lakupsa bwino, koma apewe laliwisi ndi mkaka wake.

Mwini mtengo akayeza monga mwafotokozedwamu koma chizindikiro nkukhala chachilendo, atenge tsamba kapena chipatso chodwala m'thumba lomanga bwino ndi kupita nacho kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, amene angathe kuchitumiza ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Safunsa anadya phula. Kuyendera mitengo kamodzi pa sabata ndi kutembenuza masamba awiri kapena atatu sikutenga nthawi, koma ndiko kumapatsa banja mpata wochitapo kanthu matenda asanafike kwa oyandikana nawo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Mtengo wafota m'mwezi wa Febuluwale, dothi liri lonyowa. Kodi mwini wake ayang'ane kuti, ndipo apewe kuchita chiyani?

2. Kodi kodikodi amasiyana bwanji ndi nkhungu yoyera?

3. Ndi zizindikiro ziti zimene zimasiyanitsa vairasi ndi kupsa kwa mankhwala opha udzu?

4. Chifukwa chiyani si bwino kudula mapapaya aamuna onse m'mudzi?

5. Kodi ndi ngozi zotani zimene zingagwere banja lothira mankhwala osadziwika pa mtengo wa pabwalo?